Maola a Pamaliro Atafika ku Likulu

Ndiyambe ndi kuvomera kuti ndinali ndi matama. Zaka zimene ndinkagwira ntchito ku kabungwe kena kolimbikitsa alimi kubzala mitengo m'mapiri a ku Ntchisi, ndinkadziona ngati munthu amene anamutumiza kumeneko molakwitsa. Ndinali ndi satifiketi ya makompyuta, koma ntchito imene ndinapeza inali yoyendera makalabu a alimi pa njinga yamoto, kuona nazale, kuwerenga mbande ndi kulemba malipoti amene ndikukayika ngati alipo anawawerengapo mpaka kumapeto. Kaofesi kathu kanali pa Malomo, kuseri kwa sitolo ya hadiweya: chipinda chimodzi, matebulo awiri, ndi zenera losatsekeka. Tebulo lina linali langa. Linalo linali la amayi ena amene anayamba ntchito yoyendera alimiyo ine ndidakali ku pulayimale.

Amayiwo anali aafupi, a mawu aakulu, ndipo chipewa cha njinga yamoto ankachivala pamwamba pa duku. M'chikwama mwawo simunkasowa zitenje ziwiri, china chodzitetezera ku fumbi, china chakuda chopindidwa bwino. Njinga inali imodzi. Woyendetsa ndinali ine, koma wolamula anali iwo, ndipo ankalamula ndi chala: akanditosa phewa lamanja ndikhote kumanja, akanditosa pamsana ndiime. Ankanditchula kuti "achimwene a makina," ine n'kumawatchula kuti Amayi basi.

Likulu lathu ku Lilongwe linkafuna kuti sabata iliyonse, Lachisanu, aliyense alowe pa tsamba lina la pa intaneti n'kulemba maola amene wagwira. Fomu yake inali ndi mizere inayi yokha: ntchito ya kumunda, msonkhano ndi alimi, ulendo, ndi ofesi. Amene anapanga tsambalo ayenera kuti anali asanaonepo phiri chibadwire. Pa Malomo ukalitsegula, kanthu kozungulira kaja kankangozungulira mpaka bandulo yatha, fomu osaoneka. Amayi anali ndi njira yawo. Loweruka akapita kukagula zinthu pa Mponela, kumene netiweki ndi yamphamvu, ankakhala pakhonde la sitolo, kutulutsa foni, n'kudzaza sabata yonse kuchokera m'mutu. Mphindi zisanu zatha, iwo apita kukasankha tomato.

Ine zimenezo zinkandinyansa. Munthu angakumbukire bwanji Lolemba ali pa Loweruka? Ndiye ndinapeza kapulogalamu kena kowerengera nthawi, kopanda zithunzi, kopanda pokanikiza, kongolemberamo mawu pa sikirini yakuda ya laputopu. Sikankafuna intaneti. Ndinakasintha kuti kazimva Chichewa. Ndikalemba kuti "yamba nazale," kankayamba kuwerenga. Ndikalemba kuti "leka," kankaima n'kusunga zonse m'kafayilo kake. Laputopuyo ndinkayenda nayo m'chikwama cha kumsana, yokulungidwa m'jumbo, ndipo paliponse pamene taima ndinkaitsegula kaye ndisanapereke moni. Alimi ankasonkhana kumbuyo kwanga kudzaona zilembo zoyera pa sikirini yakuda, ndipo bambo wina anandifunsapo ngati yapsa. Ndinamufotokozera kwa nthawi yaitali kuposa mmene ankafunira.

Popeza kafayiloko kanali kanga ndekha, ndinkalembamo zoona, ndipo ndinkazilemba mwachipongwe. Munali "kukankha njinga m'matope." Munali "kudikira alimi amene anati eyiti koloko." Munali "chimanga chootcha," "kugona pansi pa mango," ndi "kumvera abwana akudzitama pa foni." Ndipo munali mawu amodzi amene ankabwera pafupipafupi: "maliro."

Amene anayendapo m'midzi ya kumeneko akudziwa. Ukuyenda bwinobwino, mwadzidzidzi waona masamba atayalidwa mopingasa msewu. Wanjinga yakapalasa amatsika, wanjinga yamoto amachepetsa moto n'kudutsa mwaulemu. Ine ndikanakonda kuchita zomwezo, kudutsa mwaulemu n'kumapita. Koma masamba akangooneka, chala chija chinkafika pamsana panga.

"Imani, achimwene."

"Amayi, kalabu ikutidikira naini koloko."

"Kalabu yake iti? Onse ali pano. Mukufuna mukachite msonkhano ndi mbuzi?"

Ankatsika, kutulutsa chitenje chakuda chija, kuchimanga, n'kulunjika ku nyumba ya siwa kumene kunali amayi anzawo. Ine ndinkakankhira njinga pansi pa mtengo, kubisala kuseri kwake, kutsegula laputopu pang'ono n'kulemba kuti "yamba maliro." Kenako ndinkakakhala kumene kwakhala azibambo, pa njerwa kapena pansi pomwe, nditakwiya. Maola atatu, anayi, nthawi zina mpaka kumanda. Womwalirayo sindinkamudziwa. Ndinkangoyang'ana nyerere zikukwera nsapato yanga, kwinaku ndikuwerenga m'mutu makalabu amene sitiwafika.

Chimene ndinkachiona koma osachiwerengera n'chakuti tikamachoka kumanda, Amayi sankabwera molunjika ku njinga. Ankaima apa, kuima apo. Apa atcheyamani a kalabu akuwauza kuti chiswe chadya mbande. Apo mayi wina akudandaula kuti machubu ofeseramo mbande aperewera. Pofika pa njinga anali atapangana kale tsiku lodzabzala ndi midzi iwiri, ndipo tsikulo anthu ankabweradi, ena asanamwe ndi tiyi yemwe. Ine ndinkati n'chifukwa cha mawu awo aakulu. Tikamanyamuka ndinkalemba kuti "leka," n'kuwauza monyadira kuti lero tataya maola anayi ndi mphindi khumi. Iwo ankangoti, "Yendetsani njinga."

Vuto langa linali limodzi. Maola ndinali nawo olondola mpaka pa mphindi, koma Lachisanu ndinkayenera kuwakopera pamanja pa tsamba lozungulirazungulira lija, kuwaphatikiza ndi kuwakankhira m'mizere inayi. Munthu wa satifiketi kumakopera manambala ngati mwana wa sitandade fili! Ndiye Lamlungu lina masana, ndili kunyumba imene ndinkachita lendi pa Mponela, ndinakhala pansi n'kulemba kapulogalamu kachiwiri, kakang'ono, kolumikiza ziwirizi. Ntchito yake inali kutenga zimene zili m'kafayilo kanga n'kuzitumiza zokha ku tsamba la ku likulu, popanda kutsegula tsambalo. Ndinapeza kiyi yolowera, ndinakaphunzitsa kuti zonse zochitikira kunja kwa ofesi kazizilowetsa pa mzere wa ntchito ya kumunda, ndipo nditalimbana nako mpaka dzuwa kupendeka, ndinalemba kuti "tumiza." Panapita kamphindi. Kenako sikirini inayankha ndi liwu limene ndinaliikamo ndekha: "Zapita."

Ndinavina. Ndinatuluka panja kukauza amayi a nyumba, amene ankasenda mtedza ndipo sanamve chilichonse, koma anandiyamikira.

Pali zinthu ziwiri zimene sindinazione, chifukwa sindinavutike n'kutsegula tsambalo kuti nditsimikize. Wanzeru ngati ine atsimikizirenji? Choyamba, fomu ija inali ndi malo a ndemanga pansi pa tsiku lililonse, ndipo kapulogalamu kanga, mwa kukhulupirika kwake, kanaika mawu anga onse m'menemo. Chachiwiri, sindinakauze kuti kayambire sabata imeneyo. Kanatumiza zonse, kuyambira tsiku limene ndinalemba "yamba" koyamba, miyezi isanu ndi iwiri yathunthu.

Foni inalira Lachitatu m'mawa, ndili ndekha mu ofesi, Amayi atapita ku chipatala kukaona mlimi wina. Anali abwana oyang'anira antchito ku likulu, munthu wa mawu ofewa amene sankakweza mawu ngakhale atakwiya.

"Achimwene, ndili ndi maola anu pano. Ndikuwerengereni?"

"Werengani, bwana."

"Kugona pansi pa mango, ola limodzi ndi theka. Chimanga chootcha, mphindi makumi awiri." Ndinamva akutembenuza pepala. "Kumvera abwana akudzitama pa foni, mphindi makumi anayi ndi ziwiri. Imeneyi yabwera kasanu ndi kamodzi."

Ndinayang'ana zenera losatsekeka lija n'kuganiza zotulukirapo. Koma abwanawo anaseka, kuseka kwenikweni, n'kunena kuti mu ofesi monse akhala akuwerengerana ndemanga zanga kuyambira Lolemba, ndipo sanaonepo fomu yonena zoona ngati imeneyo. Mtima unayamba kubwerera m'malo. Matama anayambanso kumera pomwepo.

"Koma pali kanthu kamodzi," anatero. "Masiku amene inu mwalemba kuti maliro, mayi amene mumagwira nawo ntchito analemba kuti msonkhano ndi alimi. Njinga ndi imodzi, si choncho? Tawerenga masiku oposa makumi awiri."

Tonse tinkadziwa zimene zinkamveka chaka chimenecho, kuti thandizo la ndalama ku bungwe lathu lachepa ndipo maofesi a anthu awiri atsala ndi mmodzi. Makontirakiti athu ankatha mwezi wotsatira. Kufikira m'mawa umenewo aliyense ankadziwa kuti wochoka pa Malomo ndi ine, wobwera dzulo. Ngakhale ine ndinkadziwa, ndipo ndinali nditayamba kale kulemba makalata ofunsira ntchito kwina.

Foni itadulidwa ndinachita zimene munthu wamantha aliyense akanachita. Ndinatsegula kafayilo kaja, n'kulamula kuti paliponse pamene pali "maliro" pakhale "msonkhano ndi alimi." Zinatheka m'kuphethira kwa diso. Ndinakwera kachitunda ka kuseri kwa msika kumene netiweki inkagwirako, laputopu pabondo, n'kulemba kuti "tumiza." Zapita. Ulendo uno ndinatsegula tsambalo, n'kudikira lizungulire mpaka litope. Zakale zinali pomwepo. Kapulogalamu kanga ndinakaphunzitsa kuwonjezera, sindinakaphunzitse kufufuta. Tsopano fomu inkaonetsa kuti tsiku lomwelo, ola lomwelo, ndinali pamaliro komanso pamsonkhano, ndipo masiku ena ndinagwira ntchito maola khumi ndi asanu ndi limodzi. Aliyense wotsegula akanaona kuti wina wayesa kukwirira kanthu, ndipo wakwirira miyendo ili kunja.

Amayi anafika masana, atanyamula nthochi. Ndinawauza zonse nditaimirira, ngati mwana amene waswa mbale. Za mango ndi chimanga anaseka mpaka kupukuta misozi ndi duku. Nditafika pa za maliro kuseka kunatha. Anakhala pa mpando wawo, n'kuyamba kusenda nthochi pang'onopang'ono.

"Ndiye makina anuwo anauza a ku Lilongwe kuti tinali pamaliro."

"Eya, Amayi. Pepani. Sindinadziwe kuti..."

"Anawauzanso kuti anamwalira ndani?"

"Ayi."

"Anawauza kuti pamaliropo panali ndani?"

"Ayi."

"Ndiye ndi makina opusa, achimwene. Tengani nthochi."

Sabata yotsatira abwana aja anabwera pa galimoto mpaka pa boma la Ntchisi, ndipo tinakumana m'chipinda china chobwereka, cha mipando ya pulasitiki. Anayala mapepala awiri pa tebulo, la Amayi ndi langa, masiku ena atawazunguliza ndi cholembera chofiira. Anafunsa mwaulemu chifukwa chimene Amayi analembera msonkhano pamene panalibe msonkhano.

"Bwana, fomu yanu ili ndi mizere inayi," anatero Amayi. "Kumunda sindinali. Pa ulendo sindinali, ndinali nditakhala pansi. Mu ofesi sindinali. Watsala mzere umodzi. Ndipo anthu amene ndinakhala nawo anali alimi, alimi athu omwewo. Mukanafuna ndilembe pati?"

"Mukanapempha chilolezo."

"Kwa munthu aliyense womwalira m'mapiri muno ndiziimba foni ku Lilongwe? Mukanazimitsa foni yanu, bwana."

Ine ndinalowerera, ndipo ndinalankhula mokweza kuposa mmene ndinkayenera. Ndinati pamaliro onsewo ndinalipo nanenso, ngati ndi mlandu tilangidwe tonse. Ndinati mitengo imene ili pa chithunzi cha kutsogolo kwa lipoti lawo la pachaka inabzalidwa chifukwa cha mapangano a pobwera kumanda. Zinali zoona, koma ndinkazinena koyamba, ndipo ndinkazimvanso koyamba m'kamwa mwangamo. Abwanawo anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kuyankha ndi mawu awo ofewa aja kuti nkhani si kukhala pamaliro ayi, nkhani ndi kulemba zosiyana ndi zimene zinachitika. Anati amene amatithandiza akadzaona mapepala awiriwa adzafunsa mafunso, ndipo iwo alibe poyankhira. Za kukwirira kwanga kuja anati anamvetsa kuti ndinachita chifukwa cha chisoni. Wonama weniweni m'chipindamo ndinali ine, ndipo ndi ine amene anandikhululukira.

Kalata inabwera patapita masabata awiri. Kontirakiti ya Amayi sinawonjezeredwe. Yanga inawonjezeredwa chaka, ndipo m'munsi mwake munali pempho loti ndikaphunzitse maofesi ena njira yanga yotumizira maola. Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinang'amba kalatayo n'kusiya ntchito. Sindinasiye. Ndinasaina, ndipo ndinachita manyazi kwambiri. Zokaphunzitsa maofesi ena ndinazizemba ndi zifukwa zosiyanasiyana mpaka anaiwala. Amayi anatenga zitenje zawo, kapu yawo ndi kalendala ya pakhoma, n'kundisiyira chipewa cha njinga yamoto, amvekere, "Muzimanga lamba wake, mutu wanu ndi umene akuufuna ku Lilongwe."

Ndinayenda ndekha m'mapiri muja miyezi yotsatira. Ndikaona masamba pamsewu ndinkamva ngati chala chanditosa pamsana, ndipo ndinkaima. Koma sindinkadziwa woyamba kumupatsa moni, sindinkadziwa amene ali achibale ndi amene angobwera, ndipo pobwera kumanda palibe ankandiimitsa kuti andiuze za chiswe. Ankangondifunsa kuti Amayi ali bwanji. Ndinkati ali bwino, akugulitsa soya pa Malomo. Chimene chinawachotsa ntchito palibe anandifunsa, ndipo zimenezo zinandiuza kuti akudziwa.

Bambo anga anamwalira Lachiwiri lina m'nyengo ya mvula, kwathu m'mapiri a ku Dowa. Uthenga unandipeza mu ofesi ndikulemba lipoti. Ndinangotseka laputopu, kuiponya m'chikwama, n'kunyamuka. Malamulo a bungwe ankapereka masiku awiri a maliro a kholo. Koma achimwene anga aakulu ankachokera kutali, msewu unali utadulidwa ndi madzi, ndipo tinawadikira mpaka kuika maliro Lachinayi.

Lachitatu m'mawa, ndili pakati pa azibambo, ndinaona njinga zamoto za kabaza ziwiri zikuima patali, pamene panayalidwa masamba. Anatsika anthu anayi, matope mpaka m'mawondo. Wakutsogolo anali wamfupi, ndipo asanayende anaima n'kumanga chitenje chakuda. Ena atatuwo anali alimi a m'makalabu a ku Malomo, amayi awiri ndi atcheyamani aja a chiswe. Sindinawauze. Mpaka lero sindidziwa anamva bwanji. Bambo anga sanawaonepo ndi kamodzi komwe. Amayi analunjika ku siwa, ndipo masiku awiri onsewo ndinkangowaona patali, akutunga madzi, akuyala mphasa, akukalipira atsikana a kwathu ngati anawabereka okha.

Titabwerako kumanda anabwera pamene ndinakhala, anagwada, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepani, achimwene."

Ndinkafuna kunena zambiri, za fomu, za kalata, za kusaina kwanga, koma ndinangofinya manja awo. Iwo anayang'ana chikwama changa chimene chinali pambali.

"Makina aja mwabwera nawo?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Asiyeni apume," anatero, n'kudzuka kukasaka kabaza.

Lachisanu ndinafika pa Mponela n'kutsegula laputopu koyamba. Tsiku lija ndinathamanga osalemba "leka." Kapulogalamu kanga kosadziwa kunama kanali kakuwerengabe, ndipo malinga ndi iko, ndinali ndikulemba lipoti masiku atatu osadzuka pa mpando. Ndikanangolemba kuti "tumiza," ku likulu akanandipatsa mendulo.

Ndinaitseka. Ndinatenga foni, n'kukakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, n'kutsegula tsamba lija. Lachiwiri ndi Lachitatu a ku likulu anali atandilembera kale kuti ndinali pa tchuthi cha maliro. Lachinayi, tsiku limene tinaika bambo anga, linali lopanda kanthu, likudikira kuti ndisankhe. Ndinayang'ana mizere inayi ija nthawi yaitali. Kumunda sindinali. Pa ulendo sindinali. Mu ofesi sindinali. Ndinakanikiza pa msonkhano ndi alimi, n'kulemba maola asanu ndi atatu. Alimi analipo atatu, ndipo anabwera nawo ndi Amayi.